Zitoliro zisanu zopanda ng'oma ku New York

Sitima ya Amtrak yochoka ku Union Station mu Washington DC imatenga pafupifupi maola atatu ndi theka kuti ifike ku Penn Station mu New York, kudzera ku Baltimore ndi Philadelphia. Chinandikweza sitimayo ndi zomwe ndinaona dzulo lake ku National Museum of African American History and Culture, nyumba yosungiramo mbiri yomwe inatsegulidwa mu 2016. Alendo ambiri amaunjikana pa galimoto yofiira ya Cadillac ya woimba Chuck Berry kujambulitsa. Ine ndinachedwa pa kagawo ka nyimbo za classical, pomwe pali dzina la gulu la Imani Winds. Nditamutchulira mng'ono wanga wokhala ku Bronx mu New York, anangoti, "Achimwene, akuimba mawa kuno. Bwerani, tikiti ndikugulirani."

Holo yake inali yaing'ono, ku Manhattan. Papulatifomu panali mipando isanu yokha, popanda ng'oma, piyano kapena gitala. Oimbawo analowa ndi flute, oboe, clarinet, bassoon ndi French horn, lipenga lachitsulo lopiringizika lomwe woliza amalowetsa dzanja lamanja kukamwa kwa lipengalo. Tinakhala kutsogolo, choncho ndinaona kakapu kamadzi pambali pa woliza oboe. Mmenemo amanyikamo timabango tiwiri tomangidwa pamodzi, tomwe amaika pamilomo. Oliza oboe ambiri amapala okha timabangoti ndi mpeni, ndipo tikauma mawu amakana kutuluka bwino.

Kuphatikiza zida zisanuzi ndi mwambo wakale wa ku Ulaya. Anton Reicha, ali ku Paris zaka 200 zapitazo, analemba nyimbo 24 za gulu lotere. Valerie Coleman, woliza flute wa ku Louisville, atayambitsa Imani Winds mu 1997 pamodzi ndi anzake achikuda ndi achi Latino, anapeza kuti nyimbo zolembedwera zida zimenezi sizinkanena za kwawo. Ndiye anayamba kupeka okha, makamaka iyeyo ndi Jeff Scott woliza French horn, komanso kupempha ena kuti awalembere: Wayne Shorter wa jazz, Paquito D'Rivera wa ku Cuba, Simon Shaheen wa nyimbo zachiarabu. Mu 2024 gululi linapata mphoto ya Grammy ndi chimbale cha Passion for Bach and Coltrane.

Ndinkaopa kuti kusakaniza kotere kukhala kongopaka pamwamba, monga achitira ena oika kang'oma kumapeto kuti nyimbo itchedwe ya ku Africa. Apa ayi. Kugunda konse kunali m'mpweya. Bassoon, chitoliro chachitali cha mawu a besi chomwe Monica Ellis wakhala akuliza m'gululi kuyambira pachiyambi, ndiye inkagwira mayendedwe. Inkadula mawu pang'onopang'ono, du du du, ena n'kumakwera pamwamba pake. Clarinet ikafunsa, flute inkayankha, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, wina akatsitsa musi wina wakweza. Panalibe wowaimbitsa. Ankangoyang'anana, wina n'kukoka mpweya mokweza, onse n'kulowa pamodzi.

Si zonse zinandikomera. Nyimbo imodzi yamakono inali yodukaduka moti ndinasowa poigwira, ndipo mng'ono wanga anayamba kuwodzera. Chinanso n'chakuti omvera nyimbo zotere saomba m'manja pakati pa zigawo za nyimbo, amadikira mpaka ithe. Miyendo inkandiyabwa, koma aliyense anali duu. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwathu ndiye analephera kupirira pa nyimbo ya tango, anafuula "Yes!" ndipo woliza French horn anaseka akukhuthula madzi m'lipenga lake.

Titatuluka kunali kuzizira kolowa m'mafupa. Tinathamangira sitima yapansi ya D yopita ku Bronx, mng'ono wanga akukanitsitsa njira yonse kuti sanagone, amangomvetsera atatsinzina.