Oyilo wa m'giyabokosi si wongothira aliyense

Anzanga oyendetsa mapikapu a dizilo a magiya a pamanja, tamvani zomwe zandionekera. Mwezi watha ndinasinthitsa oyilo wa m'giyabokosi. Patangopita masiku ochepa, m'mawa kukazizira giya yachiwiri inayamba kukana kulowa, nthawi zina n'kumakukuta. Nditafufuza ndinapeza kuti anathiramo 80W-90 wa GL-5, wofanana ndi wa mu difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala), pamene buku la galimoto yanga limafuna 75W-90 wa GL-4. Manambala ngati 80W-90 amasonyeza kulimba kwa oyilo, pomwe GL-4 ndi GL-5 ndi magulu a oyilo wa magiya.

Kusiyana kwake si kwamasewera. GL-5 amakhala ndi mankhwala ambiri a salufa ndi fosiforasi oteteza mano a difu. Koma m'giyabokosi muli timphete ta synchro, nthawi zambiri tamkuwa, tomwe timafunika kugwira pang'ono kuti magiya azungulire liwiro limodzi asanalumikizane. Oyilo akakhala woterera kwambiri, timphete timeneti timangotsetsereka, ndipo mitundu ina ya GL-5 imadya timpheteti pang'onopang'ono.

Musaganizenso kuti galimoto iliyonse imafuna GL-4. Ma Ford ena a giyabokosi ya kampani ya ZF amafuna ATF, wofiira uja wa otomatiki, pomwe giyabokosi ya NV4500 ya mu Dodge ili ndi wakewake wa 75W-85. Tsegulani buku musanagule.

Tinakhetsa wonse n'kuthira woyenera mpaka kuyamba kutayikira pabowo lothirira. Pochita zimenezi yambani mwamasula bawuti yothirira, chifukwa ikakana mutakhetsa kale, galimoto yaima pomwepo. Pa maginito a bawuti yokhetsera panali tizitsulo tochepa chabe, mtima wanga unakhala pansi. Pano giya yachiwiri ikulowa ndi zala ziwiri, ngakhale m'mamawa.