Fayilo yayikulu ikamakana kukwera pa shared hosting

Sabata ino ndakhala ndikuphunzira za ma limit a PHP (chilankhulo cha code chomwe ma website ambiri amayendera pa seva), ndipo chomwe ndagwirapo kwambiri nchakuti fayilo ikamapita pa seva sidutsa pageti limodzi ayi, mageti alipo angapo ndipo laling'ono kwambiri ndi lomwe limalamula.

Loyamba ndi upload_max_filesize yomwe imayeza kukula kwa fayilo imodzi, PHP ukangoyisiya mmene ilili imayika 2M (ma megabyte awiri) basi, ndiye chithunzi chimodzi cha pafoni chaposa kale. Kenako pali post_max_size yomwe imakhala 8M, iyiyi imayeza zonse zomwe fomu yatumiza pamodzi, choncho iyenera kukhala yokulirapo kuposa inzake ija. Apa mpomwe ndakhalitsa kwambiri, chifukwa fayilo ikaposa post_max_size, $_POST ndi $_FILES (momwe PHP imayika zomwe fomu yatumiza) zimangofika zopanda kanthu ngati munthu sanatumize chilichonse, ndiye umatha kuyamba kukayikira code yako yomwe ili bwinobwino kumachotsa mizere yosalakwa pomwe vuto lili kwina. Palinso ma limit a nthawi, max_execution_time ya masekondi 30 (nthawi yomwe script imaloledwa kuthamanga) ndi max_input_time (nthawi yowerengera zomwe zatumizidwa), netiweki ikamachedwa izinso uziyang'ane.

Tsopano nkhani yagona pa kusintha kwake. Pa shared hosting, pomwe seva imodzi mumagawana anthu ambiri, uli ngati munthu wa lendi, php.ini yayikulu (fayilo ya ma setting a PHP) ndi ya eni nyumba sungayigwire. Ndimafuna kudziwa chifukwa chake ini_set(), yomwe imasintha ma setting mkati mwa code, sigwira pa ma limit awiri oyamba aja, kani pomwe script yako ikuyamba kuthamanga, PHP imakhala italandira kale kapena itakana kale fayiloyo, wachedwa. Njira yake imatengera mmene PHP ikuyendera pa seva yakoyo. Ngati ndi mod_php, kutanthauza PHP yoyendera mkati mwa pulogalamu ya seva yotchedwa Apache, umalemba php_value upload_max_filesize 64M mu .htaccess (fayilo ya ma setting a Apache) zatheka, koma mzere womwewo pa seva ya FastCGI kapena PHP-FPM (pomwe PHP imayenda payokha) utha kugwetsa website yonse ndi error 500, kumeneko ma limit umawalemba mu fayilo ya .user.ini ndipo uyembekeze kaye chifukwa PHP imayiwerenganso pakatha masekondi 300, usafulumire kunena kuti sizikugwira. Ulembenso 64M osati 64MB. Ma host ambiri a cPanel (tsamba loyendetsera hosting yako) ali ndi MultiPHP INI Editor yosinthira ma setting amenewa, ine ndimaona kuti nkwabwino kuyambira pamenepo.

Chomwe chandithandiza zedi ndi phpinfo(), ukayilemba mu kafayilo ka PHP nkukatsegula pa browser umaona Local Value (yomwe ikugwira kwa iwe) ndi Master Value (ya seva yonse) zili moyandikana ndiye umadziwiratu ngati zomwe wasintha zalowadi. Ukamaliza kafayilo kameneko kachotse, kamaulula zambiri za seva.

Koma ukaona error 413 (yonena kuti zomwe watumiza zakula kwambiri) kawirikawiri si PHP, ndi Nginx, pulogalamu ina ya seva yomwe ili kutsogolo kwa PHP, client_max_body_size yake imayambira pa 1m, ndipo imeneyo .htaccess siyimva nkomwe. Pamenepo ungowalembera a hosting akukwezere, akakana fayiloyo uyitumize pa SFTP (njira yotumizira mafayilo molunjika pa seva osadzera pa fomu) kapena uyidule tizidutswa tokwera kamodzikamodzi tikalumikizane pa seva, kudula kumeneku ndi komwe ndikufuna ndiyese tsopano.