Zomwe tinakamva ku Phalombe za Napolo ndi namondwe Freddy

Komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno kwa Maganga inandituma kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Phalombe, kuti omwe anatsala, ngakhalenso anzathu a kwa Pemba ndi kwa Ndindi, amve nawo. Tinapitira kukaphunzira momwe anzathu a kumeneko amachenjezerana madzi akamabwera. Koma nkhani yomwe inatidyera nthawi inali ina: kodi anamondwe atisautsawa akudza kaamba ka kusintha kwa nyengo, kapena ndi zinthu zakalekale zomwe tangoyamba kuzitchula mayina?

Tinanyamuka pa boma la Salima mbandakucha, kudzera ku Chipoka, Golomoti, Balaka ndi Liwonde. M'basimo munali alimi a mpunga a ku Lifuwu, asodzi a ku Senga Bay, amayi a banki m'khonde, aphunzitsi ena opuma pantchito, ndi mnyamata wophunzira za nyengo yemwe anatiperekeza ngati mlangizi.

Unabuka pa Zomba mkanganowo. Aphunzitsi aja analoza phiri n'kunena kuti, "Mwana wanga, mu Disembala 1946 phiri ili linagumuka, madzi anakokolola milatho ndi nyumba m'tauni muno. Anthu anati wadutsa Napolo. Nthawi imeneyo magalimoto anali angati m'Nyasaland? Utsi wake unali uti?" Mnyamatayo anavomera kuti n'zoona, ndipo anawonjeza kuti mvula ya 1946 ija inabweranso ndi namondwe wochokera ku nyanja ya mchere. Aphunzitsi anaomba m'manja ngati mlandu awina. Mnyamata anangoti, "Bambo, tifike kaye."

Tinakhotera msewu wa ku Jali ndipo dzuwa likupendeka tinali m'munsi mwa phiri la Michesi. Amene sanafikeko sangamvetse. M'mapiri a kumeneko muli zipsera zotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, momwe munadutsa matope. M'minda muli miyala ikuluikulu yoti thirakitala singaisunthe, ndipo pena pomwe panali mudzi pali mchenga wokhawokha. Ife a m'mbali mwa nyanja tinazolowera madzi okwera pang'onopang'ono, oti umaona akulowa m'khonde n'kuyamba kusamutsa mbuzi. Kumeneko madzi amabwera ndi phiri lomwe.

Mawa lake anatitengera kwa Nkhulambe, limodzi mwa madera omwe Freddy anasakaza kwambiri mu Malichi 2023. Kumeneko kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe ikuyandikira mvula yathu ya chaka chonse kuno ku Salima. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Agogo ena aakazi, omwe anaonanso ngozi ya pa 10 Malichi 1991 pomwe Michesi anagumukira pa Phalombe, anatiuza mosazungulira. Anati ya 1991 inali yoopsa, inapha anthu mazanamazana, koma inagunda mbali imodzi ndipo inatha. "Koma uyu wa dzana, ana anga, anangokhala pamutu pathu osachoka. Kuno, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Chilobwe, tonse tsiku limodzi. Wothawira kwa mbale wake anakapeza mbaleyo akuthawanso."

Madzulo ake tinakhala pa bwalo la sukulu ndi komiti ya kumeneko, ndipo mnyamata uja anapatsidwa mpata. Ndilemba motalikirapo zomwe ananena, chifukwa ambiri a ife tinali tisanazimvepo zitayalidwa chonchi.

Namondwe sabadwira pamtunda, ngakhalenso pa nyanja yathuyi. Asodzi anafunsa ngati mwera ndi mphwake wa namondwe, iye anati ayi, mwera ndi mphepo ya nyengo yozizira yomwe ili ndi nthawi yake. Namondwe amabadwira pa nyanja ya mchere pomwe madzi afunda kufika madigiri 26 kapena kuposa. Madzi ofundawo amatulutsa nthunzi, nthunziyo ikakwera n'kusanduka mitambo imatulutsa kutentha, ndipo kutenthako n'komwe kumapatsa mphepo mphamvu yozungulira. Akafika pamtunda mphepo imafooka chifukwa chakudya chake chatha, koma madzi omwe wasenza amawakhuthula. N'chifukwa chake ife a ku Malawi chimatipha kwambiri ndi madzi, pomwe a ku Beira ku Mozambique mu 2019 namondwe Idai anawagwetsera nyumba ndi mphepo komanso mafunde. Ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza chinyezi choonjezera ndi 7 pa 100 alionse. Dziko latentha kale ndi digiri yoposa imodzi kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1800.

Aphunzitsi anadula: "Ndiye ukuti anamondwe achuluka?"

Yankho lake linatidabwitsa. Anati ayi, zimenezo akatswiri sakunena. Lipoti la 2021 la bungwe la IPCC, la akatswiri a mayiko osiyanasiyana oona za kusintha kwa nyengo, likuti palibe umboni wolimba woti chiwerengero cha anamondwe padziko lonse chakwera, ndipo m'tsogolomu chikhoza kukhala chomwecho kapena kutsikako. Chomwe likuti chikuoneka n'chakuti mwa anamondwe omwe akubadwa, gawo la amphamvu kwambiri lakula m'zaka makumi anayi zapitazi, ndipo mvula yomwe amabwera nayo ikunka ikulemera. Mayi wina wa ku Lifuwu anaimasulira bwino kuposa mwini wake. Anati zili ngati mtsikana yemwe maulendo ake a ku mjigo ndi omwe aja, koma wasiya kandowa n'kuyamba kusenza chidebe chachikulu. Anthu anaseka, koma kuyambira pamenepo nkhani inayamba kumveka.

Mnyamatayo anatiuzanso kuti mkangano wathuwu azungu anaukangana kale, ndipo mwaukali. Mu 2005, chaka chomwe namondwe Katrina anamiza mzinda wa New Orleans ku America, katswiri wina dzina lake Kerry Emanuel anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti mphamvu ya anamondwe yakula limodzi ndi kufunda kwa nyanja. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho katswiri mnzake, Christopher Landsea, anali atatuluka mu ntchito ya IPCC podandaula kuti ena akulengeza zinthu umboni usanakwane. Mfundo ya Landsea inali yoti kale kunalibe masetilaiti, moti namondwe wobadwira pakati pa nyanja n'kufera komweko sankalembedwa pokhapokha sitima itakumana naye. Ukayerekeza kaundula wa lero ndi wa kale, ungaone ngati achuluka pomwe chachuluka ndi maso owaona. Ena anawonjeza kuti katundu woonongeka akukwera mtengo chifukwa anthu ambiri amanga m'mphepete mwa nyanja. Aphunzitsi atamva izi anakhala tsonga n'kuti, "Ameneyo ndiye mnzanga."

Ine ndikuona kuti aphunzitsi ali ndi mfundo, koma akuikoka mopitirira. N'zoona Napolo ndi wakale. Koma tawerengani anamondwe awa: Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 yemwe anaononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, tonse tikukumbukira mdima wake, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu 2023, Chido mu Disembala 2024 yemwe mphepo yake inasasula madenga mpaka kuno kwathu. Freddy yekha anabadwira kufupi ndi Australia, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar ndi Mozambique, anabwerera m'nyanja kukatenga mphamvu zina, n'kudzalowanso cha ku Quelimane. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza mu 2024 kuti palibe namondwe wina wolembedwa yemwe anakhalitsa chotero. Mnyamata uja anachenjeza kuti zaka zochepa zotsatizana si umboni pazokha, ndipo ndikumumva. Komabe pa nkhani ya kulemera kwa mvula, sindinamve aliyense pabwalo paja akubweretsa mfundo yogwetsa ija ya chinyezi. Aphunzitsi nawo pamenepo anangoti zii.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi ichi. Namondwe Ana atadutsa, gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution linafufuza ngati kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya Ana ndi ya namondwe wina wotchedwa Batsirai ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Mu Epulo 2022 linanena kuti inde, kunawonjezera, koma linalephera kunena kuti ndi mochuluka bwanji. Chifukwa chake? Kusowa kwa kaundula wa mvula wa tsiku ndi tsiku wa zaka zambiri wosadukiza. M'dera lomwe ankafufuza ku Mozambique anapeza malo anayi okha oyezera mvula okhala ndi kaundula wokwanira kuyambira 1981, ndipo kuno ku Malawi sanapeze oyenera kafukufukuyo. Ku America amatha kukangana ndi manambala m'manja. Ife timakangana ndi zokumbukira za agogo, ndipo agogowo akutha. Tikamapita ku misonkhano ya mayiko kukapempha chipukuta misozi pa zomwe utsi wa ena watichitira, tizikalankhula tili ndi chiyani m'manja?

A mfumu ena a kumeneko sanafune kuti nkhani ithere kwa azungu. Anati, "Inu alendo, musanyamule mawu oti kusintha kwa nyengo n'kukabisalamo. Taonani phirilo. Mitengo inapita ku makala, anthu akulima mpaka pamwamba, ena amanga pakhwawa penipeni." Mnyamata anavomereza kuti nthaka yopanda mitengo imathamangitsa madzi, koma anati mvula ya mamilimita 1,000 m'masiku anayi ikhoza kugumula ngakhale phiri la nkhalango, poti nthaka ikakhuta madzi imatsetsereka ndi mitengo yomwe. Apa sanagwirizane, ndipo sitinawakakamize. Ine mawu a mfumuwo anandilasa chifukwa ndinaganiza za matumba a makala omwe timawaona pa njinga m'mawa uliwonse mumsewu wa ku Lilongwe, komanso minda yathu yofika m'madzi mwenimweni mwa Linthipe ndi Lifidzi. Madzi omwe amatimiza ife sagwa kuno okha, amatsika kuchokera ku mapiri a Dedza. Ndipo sitifunika namondwe wa dzina kuti tilire: anzathu a ku Dwangwa ku Nkhotakota anamira kumapeto kwa Febuluwale 2024 ndi mvula wamba, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe.

Za machenjezo zomwe tinapitira n'zosavuta, ndipo tikhoza kuyamba mwezi uno. Anzathuwo ali ndi munthu kumtunda kwa mtsinje yemwe amayang'anira mlingo wopakidwa utoto, madzi akafika pofiira amaimbira foni a kumunsi, a kumunsi amaliza wezulo ndi chimkuzamawu. Mudzi uliwonse ukudziwa kothawira, ndipo okalamba ndi aulumali ali ndi owanyamula odziwika kale. Anatiuzanso mosabisa kuti uthenga wa Freddy unamveka pa wailesi masiku angapo asanafike, koma ambiri anaderera, ena poopa kusiya ziweto kwa akuba. Pano akuti wonyozera chenjezo amakayankha kwa mfumu.

Pobwerera aphunzitsi ndi mnyamata uja anakhala mpando umodzi, akukanganabe, koma tsopano za ndalama ya chipangizo choyezera mvula. Tisanafike pa Golomoti tinali titagwirizana kuti tigule ziwiri, china chikakhale pa sukulu, china kwa mlimi wotsogola ku Lifuwu, ndipo tipemphe a nthambi yoona za nyengo atiphunzitse kawerengedwe kake kuti manambala athu azilandiridwa mu kaundula wawo. Amayi a banki m'khonde alonjeza kubwereketsa ndalamayo popanda chiongoladzanja. Aphunzitsi adzipereka kusunga buku, ati akufuna adzagwire mnyamatayo bodza ndi manambala ake omwe. Asodzi apempha kuti pakhalenso mlingo wa madzi a nyanja pa doko lawo, koma za utoto ndi simenti sizinamangidwe. Tidzazikamba pa msonkhano wa Loweruka, ndipo a komiti ya kwa Pemba akuitanidwa.