Tsiku limene kugwadira apongozi kunandipulumutsa ku thabwa

Makina ocheka matabwa a mu shapu yanga ku Ndirande ndi a Wadkin, ochokera ku Leicester ku England, chitsulo chokhachokha, moti powatsitsa m'lole tinagwirizana amuna asanu ndi mmodzi. Sowo yake ndi ya mamilimita 300. Ikamazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi, mano ake amathamanga kuposa makilomita 160 pa ola. Makina abwino ndithu, koma swichi yake inali yachikale ija yongokankha chogwirira m'mwamba. Ukaisiya m'mwamba imakhala m'mwambamo, magetsi alipo kapena palibe.

Lachiwiri limenelo ndinkang'amba paini wa ku Chikangawa, wopangira chitseko cha apongozi anga aakazi. Painiyo anali asanaume bwino. Thabwa lotere ukamaling'amba, mpata umene sowo yadula umatsekeka kumbuyo n'kupana sowoyo, ndipo mano akumbuyo, amene amakwera m'mwamba, amalinyamula n'kuliponyera kwa mwini wake. Nchifukwa chake kuseri kwa sowo kumakhala kachitsulo kokhota ngati chikwakwa, kamene amati riving knife, kogwira mpata uja kuti usatsekeke. Ine m'mawa ndinali nditakamasula chifukwa kanapindika pang'ono ndipo kamakola matabwa. Chivindikiro cha pamwamba pa sowo chimamangidwa pa kachitsulo komweko, ndiye zonse ziwiri zinakagona pa shelefu. Ndinati ndiwongola mawa.

Thabwa lili pakati penipeni, magetsi anathima. Shapu yonse zii. Ndinalisiya momwemo, sowo ili m'kati mwake, swichi ili m'mwamba, n'kuyamba kusesa utuchi.

Ndipamene apongozi anatulukira, ndowa ya thobwa ili pamutu, kudzaona chitseko chawo. Anatula ndowayo pa kampando ka pakhomo, iwo n'kukhala cha pambali pa mulu wa matabwa. Kampandoko kanali moyang'anizana ndi sowo, mzere umodzi ngati wachita kuyeza ndi chingwe. Ine, mkamwini wolangika, ndinavula chipewa n'kugwada pakati pa makina ndi ndowa, nkhope pansi, manja ali phuphuphu.

"Mwayenda bwanji, amayi? Kumudzi mwasiyako bwanji?"

Asanayankhe, ana a m'makwalala anakuwa: "Ayakaaa!"

Lamba wa makina analira kwiii, kenaka china chake chinandipita pamwamba pa mutu, mphepo yake ndinaimva m'tsitsi. Phooo! Thabwa la mamita awiri linakalasa ndowa pamimba. Thobwa linafika mpaka ku malata, n'kubwerera ngati mvula ya chizimalupsa. Apongozi anayera kuyambira duku mpaka patapata, timisere ta chimera tili m'zikope. Ine ndinali chigwadire, manja akadali m'malere, osadziwa ngati ndipitirize moni kapena ndithawe.

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena mofatsa kuti, "Tayenda bwino, bambo. Chitseko chija ndi chimenechi chabwera chokha kudzandilonjera?"

Sabata imeneyo sindinacheke kanthu. Choyamba ndinaitana wa zamagetsi kudzachotsa swichi ija n'kuika sitata ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Imeneyi magetsi akathima imadzimasula yokha, ndipo akabwera makina sadzuka mpaka munthu adine batani lobiriwira. Makina ambiri akale amene tikugwiritsa ntchito alibe chimenechi, chonsecho kuno magetsi amapita osatsanzika.

Kenaka ndinathimitsa pa isolator, swichi yaikulu yodula magetsi onse opita ku makina, n'kuyamba za riving knife. Yopindikayo sindinaiwongolenso ndi hamala, ndinadulitsa yatsopano. Makulidwe ake ali ndi lamulo: ikhale yochindikala kuposa thupi la sowo, koma yopyapyala kuposa mpata umene mano amadula. Sowo yanga thupi lake ndi mamilimita 2.2, mpata wake 3.2, ndiye ndinasankha chitsulo cha 2.5. Imangidwe molunjika ndi sowo, ndipo danga la pakati pa iyo ndi mano lisapose mamilimita 8. Nditayeza fensi, chitsulo chimene thabwa limatsamira kuti liyende mowongoka, ndinapeza kuti nayo inali ndi mlandu: kumbuyo inali itayandikira sowo, ikukankhira thabwa ku mano okwera aja. Ndinaimasula n'kuitsegula kumbuyoko ndi theka la milimita. Sowo yokha inali itamatirira utomoni wa paini, umene umaitenthetsa n'kuipangitsa kukakamira, ndiye ndinaitsuka ndi palafini ndi kaburashi. Lamba ndinamukunga, maberingi ndinawagwedeza ndi dzanja, anali bwino.

Ndinasemanso ndodo yokankhira ya mamilimita 450, ya kamphanda kunsonga, yomalizira mamilimita 300 otsiriza kuti zala zisayandikire mano. Masiku ano sowo ndimaikweza kuti mano angotulukira pang'ono pamwamba pa thabwa, ndimaima cha kumbali osati kuseri kwa thabwa, ndipo magetsi akathima ndimadina lofiira n'kuchotsa thabwa sowo itaima. Kampando ka alendo ndinakasamutsira kuseri kwa khoma.

Chitseko ndinachimaliza, ndowa ndinagula yatsopano. Apongozi amabwerabe, koma amaima kutsidya kwa msewu n'kutuma mwana kudzafunsa ngati mkamwini wathimitsa mfuti yake.