Kulondola mapazi a agogo pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945

M'banja mwathu mbiri ya agogo aamuna inali yaifupi: analowa Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles, mwachidule KAR), anapita ku Burma, anabwerako ndi mendulo. Kumene ankagona zaka zonsezo ndi ntchito imene ankagwira palibe ankadziwa, ndipo pamene ndinayamba kufufuza, anthu amene anawamva akusimba okha anali atatsala ochepa.

Chimene chinatsegula njira ndi kabuku kowatulutsira usilikali, kamene azakhali anakasunga m'chitini pamodzi ndi ziphaso zakale za msonkho. Chiswe chinakadya m'mbali, koma nambala ya usilikali ikuwerengeka bwinobwino. Nambalayo imathandiza kuposa dzina, chifukwa makalaliki a atsamunda ankalemba dzina monga mmene alimvera, ndipo anyamata ambiri ankapereka la bambo awo kapena la ubatizo. Agogo analembedwa ndi dzina limene kumudzi palibe ankawaitana nalo.

Kabukuko kakusonyeza kuti anali dalaivala mu East African Army Service Corps, gulu lonyamula katundu wa asilikali, ndipo anatumikira ku Kenya, ku Ceylon (kumene lero ndi ku Sri Lanka) ndi ku India. Malo amenewa akugwirizana ndi njira imene asilikali a ku Nyasaland anayenda. Mu 1940 asilikaliwo anamenyana ndi Ataliyana ku Tug Argan m'dziko la Somaliland, mu 1941 anali ku Ethiopia, mu 1942 ena anawoloka nyanja kupita ku Madagascar, ndipo amene anaphunzitsidwa nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon anakalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, mvula yadzaoneni ikugwa. Azakhali amakumbukira kuti agogo akakwiya ankakalipa m'Chiswahili, chimene mosakayika anachitola m'misasa ya ku Kenya.

Achibale ena anakhumudwa kumva kuti mkulu wathuyo ankagwira chiwongolero osati mfuti. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa msilikali wakutsogolo sakanadya kapena kulandira zipolopolo popanda malole amene ankadutsa m'matope usiku. Anthu a ntchito zotere ndi amene mbiri imafulumira kuwataya, monga inatayira atengatenga a nkhondo ya 1914, ndipo mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti Aafirika ambirimbiri amene anafa pa nkhondo imeneyo sanakumbukiridwe ndi mayina awo.

Chipilala cha KAR ku Zomba chimakumbutsa za amene anafa, choncho wofufuza munthu amene anabwerako wamoyo ayenera kudalira mapepala a m'nyumba, pakamwa pa akuluakulu ndi National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, imene ilinso ku Zomba komweko.

Mbali yovuta kwambiri ndi ya agogo aakazi, amene sanalembedwe m'kabuku kalikonse. Zimene ndapeza zachokera kwa mng'ono wawo, amene akunena kuti zaka zimenezo anatsala ndi ana kumudzi ku Mulanje, akulima munda okha ndi kuthyola tiyi ku esiteti kuti apeze ya mchere ndi sopo.