Zikomo inu amene munandithandiza kukonza sikiriputi yanga

Lero m'mawa ndatsegula log, fayilo imene sikiriputi imalembamo zimene zachitika, ndipo ndapeza maseva onse 12 asungidwa bwinobwino. Mtima wanga wakhala pansi patatha milungu itatu ya kusowa tulo, ndiye ndati ndibwere ndithokoze inu amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chake sikiriputi yanga yosunga makope a mafayilo a pa maseva inkasunga seva imodzi yokha.

Sikiriputiyi imayenda usiku ndi cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito yokha pa nthawi yoikika. Imawerenga mayina a maseva m'fayilo, n'kulowa pa iliyonse ndi ssh, pulogalamu yolowera pa kompyuta ina uli kutali, kukakoka mafayilo. Log inkakhala mbee, ine n'kumati zonse zili bwino. Tsiku limene mnzanga wa kuntchito anafufuta fayilo mwangozi, tinapeza kuti seva yoyamba yokha ndi imene inkasungidwa. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa anthu ankadalira ine.

Achimwene amene munayamba kundiyankha, zikomo. Munangofunsa mmene ndinalembera mzere wa log. Ndinali nditalemba `2>&1 > log.txt`. Munandifotokozera modekha kuti 1 ndi njira yotulukira zotsatira za pulogalamu, 2 ndi yotulukira zolakwika, komanso kuti shell, pulogalamu yoyendetsa malamulo a m'sikiriputi, imawerenga kuyambira kumanzere, ndipo `2>&1` imangokopera kumene 1 ikuloza pa nthawiyo basi. 1 ikasamukira ku fayilo pambuyo pake, 2 siitsatira. Zolakwika zanga zonse zinkapita kwa cron, amene amazitumiza pa imelo, pomwe makinawo analibe imelo yokonzedwa. Nditasintha kukhala `> log.txt 2>&1`, zolakwika zinayamba kuoneka.

Koma loop, gawo la sikiriputi limene limabwereza ntchito pa seva iliyonse, inkathabe pa seva yoyamba, popanda kudandaula kulikonse. Apa ndi pamene inu achemwali munakhala nane mpaka usiku. Simunandipatse yankho nthawi yomweyo, munandiuza kuti ndiike `ls -l /proc/$$/fd` ndi `ls -l /proc/self/fd` m'kati mwa loop ndione ndekha kumene nambala iliyonse ikuloza. Ndinaona ndi maso anga 0, njira imene pulogalamu imawerengera zolowa (stdin), ikuloza ku `maseva.txt`, fayilo ya mayina a maseva ija. Pulogalamu iliyonse yoyambitsidwa m'kati mwa loop imatengera 0 yomweyo, choncho ssh inkameza mizere 11 yotsalayo, `read`, lamulo lowerenga mzere wotsatira, n'kupeza fayilo yatha. Ndinakhala kanthawi ndikungoyang'ana sikirini.

Munandionetsa njira ziwiri. Yachidule ndi `ssh -n`, imene imapatsa ssh `/dev/null`, fayilo yopanda kanthu, m'malo mwa stdin. Ine ndinasankha yachiwiri, yopatsa mndandanda nambala yakeyake: `while read -r -u 3 seva; do ...; done 3< maseva.txt`. Ndinaikonda chifukwa mawa ndikaonjezera pulogalamu ina yowerenga stdin, mndandanda sudzakhudzidwa. Munandikumbutsanso kuti ndilembe `3<&-` pa mzere wa ssh kuti isatenge 3, komanso kuti ndisamasankhe nambala zopitirira 9, poti shell ya bash imazigwiritsa ntchito pa zake.

Bwana wanga, zikomo chifukwa simunandikalipire, munangondipatsa nthawi. Mayi a kunyumba, zikomo popirira kuwala kwa laputopu pakati pa usiku. Fayilo ya mnzanga ija sitinaipezenso, anachita kuilemba kachiwiri, ndipo ndapepesa kwa iye. Tsopano ndaonjezera mzere woti sikiriputi iziwerenga maseva amene yasunga, ikapeza osakwana 12 inditumizire uthenga.