Positala ya ku printa si ya pa webusaiti

Anzanga okonza mapositala kuno ku Lilongwe, tamverani. Fayilo imene mwakonzera kukasindikiza ku Old Town musaitenge momwemo n'kuikweza pa webusaiti. Ya printa imakhala mu CMYK, kutanthauza mitundu ya inki zinayi zosindikizira. Foni ndi kompyuta zimaonetsa mitundu ndi kuwala, ndiye zimafuna RGB, kutanthauza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Mukaikweza ili mu CMYK, webusaiti ina imangoikana, ina imailandira koma mitundu n'kusokonekera: chofiira chafwifwa ngati chitenje chakale, nkhope ya mkwatibwi yabiriwira. Kasitomala akuimba foni, inu mukunamizira netiweki.

Mu Photoshop pitani pa Edit, kenako Convert to Profile, musankhe sRGB, mtundu wa RGB woyenera pa intaneti. Sungani kopi ina ya JPEG, yoyambayo muisiyire osindikiza.

Ojambula maukwati, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Kamera ikakhala pa Adobe RGB, mtundu wina wa RGB, zithunzi zimatha kuoneka zozimirira pa intaneti. Apanso gwiritsani ntchito Convert to Profile, musadine Assign Profile ayi, imeneyo siitembenuza mitundu, imangosintha chizindikiro. sRGB inapangidwa ndi HP ndi Microsoft mu 1996, ndipo mpaka lero browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, ikapeza chithunzi chopanda profile, chizindikiro cha mitundu chija, imangochitenga ngati sRGB.